Njinga ya Matayala Atatu Ikayamba Kulira

Pa Phalombe Boma, monganso m'misika ya Migowi ndi Chiringa, njinga zamoto za matayala atatu zokhala ndi ngolo kumbuyo zimanyamula matumba a nandolo, chimanga, mpendadzuwa, simenti ngakhale malata, ndipo zambiri mwa izo zimapangidwa ku China ndi ku India. Dandaulo limene eni ake amapita nalo kwa amakaniko kawirikawiri ndi lakuti njinga ikulira, kutanthauza phokoso lobaya m'makutu lija lakuti tswii, limene limamveka pamene zitsulo ziwiri zikukhulana zouma, kapena pamene fumbi lalowa posayenera.

Malo amene njingazi zimayendamo ndiwo amayambitsa mavuto ambiri. Misewu yopita kumidzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi ndi ya kuchigwa cha nyanja ya Chilwa ndi yafumbi m'chilimwe ndipo imasanduka matope m'dzinja, komanso pamene mlatho wawonongeka, monga zinachitikira m'madera ambiri a bomali nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, woyendetsa amangodutsa m'madzi momwemo. Madziwo amatsuka girizi, mchenga n'kutsalira mkati.

Mmisiri wodziwa ntchito sathamangira sipanala, koma amayamba wafunsa nthawi imene phokosolo limamveka, chifukwa yankho la funso limeneli ndilo limasonyeza malo oyenera kumasula. Ngati kulirako kumabwera pokhapokha woyendetsa akaponda buleki, vuto lili m'dramu, chitsulo chozungulira chimene chimayenda limodzi ndi tayala, ndipo mkati mwake muli tizitsulo tiwiri topindika totchedwa ma brake shoe, timene timatambasuka n'kugwira khoma la dramuyo. Nthawi zina m'menemo mumangokhala fumbi kapena dzimbiri losiyidwa ndi madzi, ndipo phokoso la dzimbiri limatha lokha njinga ikaima kangapo m'mawa. Nthawi zina chikopa cha pamwamba pa tizitsuloto chimaterera ndi kunyezimira chifukwa cha kutentha, makamaka pa njinga imene imatsika zitunda ndi katundu wolemera woyendetsa atangoponda buleki ulendo wonse m'malo mogwiritsa ntchito giya yotsika. Chikopa chotere chimapalidwa pang'ono ndi sandipepa, koma chikatha n'kutsala mamilimita awiri okha chiyenera kusinthidwa, mbali zonse ziwiri za kumbuyo nthawi imodzi, kuti njinga isamakokere mbali imodzi poima. Fumbi la m'dramu lipukutidwe ndi nsanza yonyowa, osati kuuzira ndi pakamwa, popeza limavulaza mapapo.

Apa ndi pamene pali chizolowezi choipa kwambiri, chothira oyilo wakale m'dramu kuti phokoso lileke. Phokoso limalekadi, koma buleki nayo imaleka kugwira, ndipo chikopa chimene chamwa oyilo sichikonzekanso ngakhale chitsukidwe ndi petulo. Njinga yosenza matumba khumi a makilogalamu 50 imakhala ndi katundu wa theka la tani, ndipo kuiimitsa ndi buleki yoterera pakati pa msika ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe.

Phokoso limene limamveka njinga ikuyenda popanda kuponda buleki, ndipo limakula liwiro likamakwera kapena limasintha pokhota, kawirikawiri limachokera ku beringi, mkombero wa timipira tachitsulo umene tayala limazungulirapo. Kuyesa kwake n'kosavuta: pambuyo pa ulendo, pakati pa tayala lodwalalo pamatentha kuposa pa anzake, ndipo likakwezedwa ndi jeki n'kugwedezedwa ndi manja awiri limagwedera kapena kumveka ngati muli mchenga. Beringi yotere sichedwa kumanga tayala, choncho iyenera kusinthidwa, osati kungoipaka girizi. Kutsogolo, chingwe cha wotchi yoonetsa liwiro chikauma chimaliranso mofananamo, ndipo kungochimasula n'kuyendetsa njinga pang'ono kumathetsa chikayiko.

Njinga zambiri zonyamula katundu sizikhala ndi tcheni, koma shafti, ndodo yachitsulo yotenga mphamvu ya injini kupita nayo ku difu, bokosi la magiya limene limagawira mphamvuyo matayala awiri akumbuyo. Polumikizira shaftiyo pali kachitsulo kooneka ngati mtanda, kamene kakauma kamalira modukizadukiza, makamaka ponyamuka ndi katundu, ndipo kamafuna girizi. Difu ikamalira mong'ung'udza, oyilo wake wolimba wa nambala 90 ndiye woyamba kuonedwa, ndipo akaoneka wotuwa ngati mkaka ndiye kuti madzi analowamo. Masipuling'i a pansi pa ngolo nawo amalira pa mabampu, koma phokoso limenelo si loopsa kwenikweni, pokhapokha ngati limodzi lathyoka kapena mabawuti ogwira ekiselo amasuka.

Koma njinga ikamalira itaima, injini yokha ikuyenda, matayala ndi mabuleki zilibe mlandu. Injini izimitsidwe pomwepo ndipo oyilo aonedwe, chifukwa injini yoyenda ndi oyilo wochepa imatha kumanga m'mphindi zochepa, ndipo kuikonza kumadya ndalama zambiri kuposa zonse zatchulidwazi. Mwini njinga amene waona kuti oyilo alimo wokwanira koma kulirako kukupitirira asaiyendetsenso, aitanitse makaniko pamalo pomwe yaimapo.