Mwaye wa mu mfuti: ubweya wa nyama usakuiwalitseni mpaipi

Sabata yatha, titatuluka m'chalichi kuno ku Chelstone, tinaitanidwa kunyumba kwa mkulu wina wa mpingo wathu amene ali ndi famu ca ku Chongwe. Anatulutsa mfuti ya .303 imene anasiyiridwa ndi malemu bambo ake, naticonderera kuti tisuzumire mu mpaipi mwake. Titailozetsa kudzuwa sitinaone kuwala kwa citsulo ai. Munali bii, monga m'cumuni ya khichini, ndipo pena ndi pena dzimbiri linali litadya timaenje.

Mkuluyu anati mfutiyo yayamba kunama. Ku uzimba wa caka catha anawombera nyama ili pafupi, koma cipolopolo cinangoivulaza mwendo, ndipo anaitsata tsiku lathunthu osaipeza. Iye anaganiza kuti mwina wina waimanga mfutiyo. Ife tikuti ai, imene yaimanga ndi mphwayi. Anaisunga miyezi khumi osaipukuta.

Nkhaniyi ikhudza ambiri. Mseu wa Great East Road umene upita pambali pathu ndiwo utenga alenje kupita ku Rufunsa, Luano ndi Petauke nyengo yosaka ikafika, ndipo alimi ambiri a m'mapulazi asunga cifefe cotetezera munda ku nguluwe. Pobwerako, onse athamangira kugawa nyama. Mfuti aiponya kuseri kwa wodiropu.

Kodi cicitika n'ciani mukawombera? Onga ukapsa usiya mwaye, umene amasitolo a mfuti auchula kuti kaboni. Cipolopolo cotsatira cipondereza mwayewo pa citsulo ndi kutentha kwakukulu, ndipo cokha cisiyanso mkuwa wa cikopa cake. Motero mukhala miyalo: mwaye, mkuwa, mwaye, mkuwa. Mu mfuti za .22 ndi cifefe cotsalira cina ndi mtovu. Mwaye wouma kopambana ukhala kumayambiriro kwa mpaipi, patsogolo penipeni pa malo ogona katiriji. Pamenepo uuma ngati cikang'a ca mumphika, ndipo mizere yopota imene izunguza cipolopolo kuti ciyende molunjika siigwiranso bwino.

Eni .303 acenjere kawiri. Mfuti za Lee-Enfield ndizo asilikali athu ananyamula pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ndipo zipolopolo zambiri zakale za usilikali zisiya mcere mu mpaipi. Mcere ukoka cinyezi, cinyezi cibala dzimbiri, ndipo m'dzinja izi zicitika usiku umodzi wokha. Mafuta sasungunula mcere umenewu. Mankhwala ake ndi madzi owira, kuwathira ndi fanelo kuti adutse mu mpaipi, kenaka kuumitsa bwino. N'cimodzimodzi ndi gogodera wa makolo athu: onga wakuda usambitsidwa ndi madzi otentha tsiku lomwelo.

Nayi nchito yake. Poyamba cotsani zipolopolo zonse, tsegulani mfuti, yang'anani ndi maso, gwiraninso ndi cala kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Zipolopolo ziikeni m'cipinda cina. Ana acoke. Khalani pabwalo kapena pakhonde pamene mphepo ipita, cifukwa mankhwala ake ali ndi fungo loipa ndipo ena agwira moto.

Solomolani bauti kuti mulowere kumbuyo. Musayambire kukamwa kwa mfuti ngati njira yakumbuyo ilipo, pakuti mlomo wa mpaipi ukangobenthuka pang'ono, mfuti siidzalasanso molunjika. Nyowetsani kansalu ndi mankhwala osungunula mwaye, monga Hoppe's No. 9 kapena ena otere, ndi kukakankha ndi ndodo yake mpaka katulukire kutsogolo. Ngati mankhwalawo mulibe, parafini athandizako kufewetsa mwaye, ngakhale sacotsa mkuwa.

Tsono dikirani. Apa ndi pamene ambiri alephera. Mwaye wouma sufuna mphamvu, ufuna nthawi, monga mphika wopserera umene amayi ayamba auviika asanaukwece. Mphindi 15 zikatha, lowetsani burashi ya buronzi yolingana ndi kukula kwa mpaipi, ituluke yonse kutsogolo musanaibweze. Kuibweza ili pakati kuononga burashi ndiponso nthawi zina kuitsekereza momwemo. Citani kakhumi, kenaka pitirizani tinsalu touma. Toyamba tidzatuluka takuda. Bwerezani kunyowetsa, kudikira ndi kukweca mpaka kansalu katuluke koyera. Mfuti imene yakhala zaka osapukutidwa ingakutengereni madzulo atatu.

Kansalu kakatuluka ndi mtundu wa buluu kapena wobiriwira, dziwani kuti mkuwa ukalimo. Mankhwala a mkuwa ambiri ali ndi amoniya. Awa musawasiye mu mpaipi kupitirira nthawi yolembedwa pa botolo, ndipo musawasakanize ndi ena.

Tamva za njira zacidule zimene ena aphunzitsana m'matauni: waya wa mpanda, sandipepa, asidi wa batire ya galimoto. Abale, zimenezi zidya citsulo pamodzi ndi mwaye. Safunsa anadya phula. Mukaona maenje akuya, kapena kansalu kakamapepuka mwadzidzidzi pamalo amodzi, kusonyeza kuti mpaipi unatupa, lekani kuigwiritsa nchito. Itengereni kwa mmisiri wa mfuti wokhala ndi cilolezo.

Mukatha, pakani mafuta a mfuti pang'ono cabe. Musaisunge m'cikwama ca nsalu kapena ca cikopa m'nyengo ya mvula, cifukwa cisunga cinyezi. Tsiku lopitanso kuchire, pukutani mafutawo ndi kansalu kouma ndipo suzumiraninso mkati. Matope, kansalu koiwalika kapena nyumba ya mavu ingaphulitse mpaipi m'manja mwanu, ndipo diso kapena zala sizimeranso.

Sitingatsirize osachula lamulo. Firearms Act, Cap 110 ya malamulo a Zambia, ifuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi laisensi m'dzina lake. Mfuti ya masiye siili ngati khasu limene mwana angotola. Cilolezo ca malemu sicikhala canu, ndipo tinamuuza mkulu uja kuti ayambe wakaonana ndi apolisi. Kusaka nakonso kufuna cilolezo cake. Kale tinali kupita ku ZAWA, koma lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 linathetsa bungwelo, ndipo nchitoyi tsopano ili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife. Kunyumba, mfuti ikhale yokhomera, zipolopolo padera, kiyi m'thumba la mwini wake.

Wina angafunse kuti nkhani ya mfuti ifuna ciani patsamba limene akhristu awerenga. Yankho lathu ndi lakuti nyama imene mwaivulaza n'kuisiya ikubuula m'thengo ndi cilengedwe ca Mulungu, ndipo njati kapena nguluwe yovulala ikakumana ndi mayi wotola nkhuni siifunsa kuti anailasa ndani. Mlenje weniweni awombera kamodzi, ndipo kuti atero mpaipi uyenera kukhala woyera.

Mkulu wathu uja wayamba kale kuviika. Dzimbiri lacotsedwa, koma timaenje tatsala, ndipo mmisiri ndiye adzagamule ngati mfuti ya bambo ake idzapitanso ku Luano. Inu amene mwaisiya kuseri kwa wodiropu, itulutseni lero mvula isanagwe.