MPHENZI SITUMIDWA NDI MUNTHU

Tsiku lina m'mwezi wa Disembala, ana a pa sukulu yathu ali pa bwalo la maseŵera, kumwamba kunada bii cha ku Bunda. Posakhalitsa kunang'anima, bingu nkugunda. Ana ambiri anathamangira patsinde pa mtengo wautali wa bulugamu umene uli m'mbali mwa bwalolo. Koma mtsikana wina wa Sitandade 5 anaima yekha pamtetete akulira, uku akuvula juzi yake yofiira. Anzake anali atampirikitsa pamtengopo, ati chovala chakecho chiŵaitanira mphenzi.

Ife aphunzitsi tinaŵakusa onse ndi kuŵaloŵetsa m'kalasi, ndipo palibe amene anavulala. Komabe nkhani imeneyi inatisoŵetsa tulo, pakuti ana amene ankadziyesa opulumuka patsinde paja ndiwo anasankha malo oopsa kwambiri. Makolo a ana ameneŵa ena amagwira ntchito ku Capital Hill, ena ali ndi malonda ku msika wa ku Old Town, enanso amakhala m'nyumba za mipanda ku Area 10 ndi ku Area 43. Ambiri ndi Akhristu anzathu. Nanga anaŵa anazimva kuti za juzi yofiira? Anazimva kwa ife makolo.

Kodi mphenzi nchiyani?

Mwana akakhula cholembera cha pulasitiki m'tsitsi mwake, cholemberacho chimatola timapepala. Mphamvu imene imatola timapepalato ndi magetsi. Zimenezi zimachitikanso m'mitambo ya mvula. M'miyezi yotentha ya Novembala ndi Disembala mpweya wa chinyontho umakwera msanga kufika kumwamba kozizira kwambiri, kumene madontho ena amasanduka matalala. Matalala ndi madonthowo akamagundana ndi kukhulana, magetsi amachuluka mumtambo, kufikira atadumpha kupita ku mtambo wina kapena kutsikira pansi. Kudumpha kumeneko ndiye mphenzi. Amene anathandiza kutsimikiza zimenezi ndi Benjamin Franklin wa ku Philadelphia m'dziko la America, m'chaka cha 1752.

Njira imene mphenzi yadzera imatentha pafupifupi madigiri 30,000, ndiye kuti kasanu kuposa pamwamba pa dzuŵa. Mpweya wotenthedwa chotero umafufuma mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Timayamba taona kung'anima tisanamve bingu chifukwa kuŵala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, pamene mau amayenda kilomita imodzi yokha pa masekondi atatu. Choncho mukaona kung'anima, ŵerengani. Bingu likamveka mutafika pa 6, mphenziyo yagwa pa mtunda wa makilomita aŵiri okha.

Zimene timauzana

Mphenzi ilibe maso. Siiona chofiira, choyera kapena chakuda. Imafuna njira yapafupi yofikira pansi, ndiye chifukwa chake imakonda zinthu zazitali ndi zoima pazokha: mtengo, mlongoti, nsanja ya tchalitchi, kapena munthu amene waima pa bwalo la mpira, m'munda ngakhale pa gofu. Ikaomba mtengo, magetsi amadumphira kwa munthu amene wabisala patsinde, ena amayenderera m'nthaka. Ndi mmene ng'ombe zambiri zimafera pamodzi pansi pa mtengo umodzi.

Agogo athu anatiphunzitsa kuphimba kalilole mvula ikamagunda. Kalilole amangobweza kuŵala kwa ching'aning'ani, koma saitana mphenzi ai. Chimodzimodzinso foni ya m'manja: payokha siikoka mphenzi. Choopsa ndicho kuigwira ili yolumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, pakuti mphenzi ikaomba mawaya a panja, mphamvu yake imatha kuloŵa m'nyumba kudzera m'mawaya omwewo, ngakhalenso m'mipope ya madzi.

Ena amati pamene mphenzi yagwapo kale siigwaponso. Izinso si zoona. Nyumba yaitali ya Empire State Building ku New York imaombedwa ka 20 kapena kuposerapo chaka chilichonse.

Bodza lina limene latayitsa miyoyo ndi lakuti munthu woombedwa ndi mphenzi sakhudzidwa, ati ungatengeko moto wake. Thupi la munthu silisunga magetsi. Ambiri mwa oombedwa amapulumuka, ndipo amene amafa kaŵirikaŵiri amafa chifukwa mtima waima kapena aleka kupuma. Kumpumira m'kamwa ndi kumpsinya pachifuwa mwamsanga, ndi kuthamangira naye ku chipatala, kungathe kumbwezera moyo. Koma ife timaima patali, manja ali m'khosi, nkumafunsana kuti, "Kodi wachita zimenezi ndani?"

Funso lakupha

Funso limenelo ndilo loopsa kuposa mphenzi imene. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, mtsikana wa zaka 17 anamwalira ataombedwa ndi mphenzi. Anthu okwiya anagwira okalamba anai, naŵapha mwankhanza poŵaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenziyo. Mphenzi inapha mmodzi, koma umbuli unapha anai.

Tisanene kuti zotere nza kumidzi kokha. Muno mumzinda tamvapo anthu ophunzira bwino akunong'onezana pa maliro kuti mphenzi yakutiyakuti inali yochita kupanga, chifukwa cha mkangano wa malire a poloti kapena nsanje ya pa ntchito. Mau otereŵa amalekanitsa abale, ndipo amene amalozedwa chala nthaŵi zambiri ndi nkhalamba yosauka imene ilibe woiteteza. Lamulo la dziko lino, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1911, limaletsa kuneneza munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la chisanu ndi chinai la Mulungu nalonso limatiletsa kuchitira mnzathu umboni wonama.

Tikaŵerenga Yobu mutu 37 ndi 38, ndiponso Masalimo 135, tiona kuti mvula, mphepo ndi mphenzi zili m'manja mwa Mlengi yekha. Wonena kuti munthu angatume mphenzi ngati mmene atumira mwana ku chigayo, akupatsa cholengedwa ulemu woyenera Mulungu. Tisanenenso kuti woombedwayo anali wochimwa kuposa ife. Pa Luka 13 Ambuye Yesu anakana maganizo otero ponena za anthu 18 aja amene nsanja ya ku Siloamu inaŵagwera. Ngakhale Martin Luther, m'chaka cha 1505, anatsala pang'ono kuombedwa ndi mphenzi ali pa ulendo pafupi ndi mzinda wa Erfurt. Mvula ya mabingu siisankha munthu.

Nanga tichitenji?

Kudziŵa mmene mphenzi imachitikira sikuchepetsa chikhulupiriro chathu. Mulungu yemweyo amene anaika malamulo m'chilengedwe anatipatsanso nzeru zoti tiŵaphunzire ndi kudziteteza. Tsono tiphunzitse ana athu izi.

Ukamva bingu, dziŵa kuti mphenzi ingathe kukufika, ngakhale mvula isanayambe kugwa pamene ulipo. Loŵa m'nyumba yolimba, kapena m'galimoto ya denga lachitsulo ndi kutseka magalasi. Chimene chimateteza m'galimoto si matayala ai, koma chitsulo chimene chimatsitsa magetsiwo kunja kwake.

Usabisale pansi pa mtengo kapena m'kachisakasa ka malata kopanda zipupa. Amene akuchapa kapena kuola mchenga mu mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi atuluke m'madzi msanga. Mpira uimitsidwe, ngakhale zigoli zili pafupi.

Uli m'nyumba, leka kusamba ndi kutsuka mbale pa mpope, usagwire zipangizo zolumikizidwa ku magetsi, ndipo ukhale kutali ndi zitseko ndi mazenera. Bingu lomaliza likamveka, dikira mphindi 30 usanatuluke.

Pomaliza tili ndi pempho kwa abusa, akulu a mpingo anzathu ndi makomiti a sukulu. Mukapita ku City Centre, kwezani maso pa nyumba zazitali zija. Pamwamba pa zambiri mudzaona kachitsulo kosongoka, kamene kali ndi waya wochindikala wotsikira m'nthaka. Ntchito yake ndiyo kulandira mphenzi ndi kuitsogolera pansi osaononga nyumba kapena anthu. Ife tamanga matchalitchi a nsanja zazitali, ndipo m'makalasi mwathu mumakhala ana ochuluka pansi pa denga limodzi. Kodi pa nyumba zimenezi tinaikapo kachitsulo kameneka? Safunsa anadya phula. Tiitane amisiri odziŵa za magetsi adzatiwonere mvula ya chaka chino isanalimbe. Amai a Chigwirizano ndi aphunzitsi a Sande Sukulu atithandize kufalitsa uthengawu.

Mtsikana uja amavalabe juzi yake yofiira. Mvula ina itagunda mu Febuluwale, tinamuona akukoka ana a Sitandade 1 kuŵachotsa pa bulugamu paja, napita nao m'kalasi.