Akuti Dokotala Wathu Wachedwa

Mwana wa mlongo wanga, dokotala wobadwira kuno ku Iponga, wauzidwa kuti wachedwa. Womuuzayo ndi mlangizi wina wa ku America, mmodzi wa anthu aja amene amathandiza madokotala a m'mayiko ena kufunsira malo ophunzirira ukatswiri m'zipatala za kumeneko. Mkuluyo sanafunse kuti mwanayu wakhala akugwira ntchito yanji. Anangoyang'ana chaka chimene anatengera digiri, nawerenga zaka, n'kunena kuti zapitirira zisanu, ndipo zipatala zambiri sizidzatsegula n'komwe mapepala ake, pakuti kompyuta imayamba yasefa anthu potengera chaka chomalizira sukulu.

"Amalume, akuti ndakalamba," anatero pa foni. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe.

Dongosolo la ku America ndi lotere. Dokotala wophunzira kunja amayenera kukhoza mayeso a USMLE, gawo loyamba ndi lachiwiri, kulembanso mayeso a Chingerezi otchedwa OET, kenako kulandira chiphaso cha bungwe la ECFMG. Mapepala amatumizidwa mu Sepitembala kudzera pa ERAS, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo zipatala zimayamba kuwawerenga. Wotumiza mochedwa amapeza mwayi woitanidwa kukafunsidwa mafunso utagawidwa kale. Mafunsowo amachitika kuyambira mu Okutobala mpaka cha mu Januwale. Kenako aliyense amandandalika zipatala zimene akufuna, zipatala nazo n'kundandalika anthu amene zawakonda, ndipo kompyuta ya bungwe la NRMP, limene linayamba mu 1952, imalumikiza mbali ziwirizo. Zotsatira zimatuluka Lachisanu lachitatu la Malichi, ntchito n'kuyamba cha pa 1 Julaye. Ukaphonya Sepitembala, chaka chonse chapita, ndipo chaka chotayikacho chimawonjezedwa pa zaka zija zimene akukunyoza nazo.

Kalendalayi anaipangira mwana wa kwawo, amene amafunsira malo akadali m'chaka chomaliza cha sukulu. Wathu amaipeza ali kale pa ntchito. Mayeso amodzi okha amadya madola mazanamazana, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo dola kubanki ndi yosowa. Zipatala zambiri zimafunanso makalata ochokera kwa madokotala a ku America komweko, ndiye kuti munthu akayambe wakhalako masabata angapo akuonerera ntchito. Mu Ogasiti 2025, boma la America linalengeza kuti Mmalawi wofuna viza ya ulendo wotere angathe kuuzidwa kuti asiye chikole chofika madola 15,000. Kusonkhanitsa ndalama zonsezi pa malipiro a m'boma kumatenga zaka, ndipo zaka zomwezo ndi zimene amadzamuweruza nazo.

Tsono tiyeni tizione zakazo, zimene iwo amaziwerenga ngati nthawi yongokhala. Dokotala wa ku Malawi akamaliza sukulu amachita miyezi 18 pansi pa akuluakulu m'zipatala zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, asanalembedwe mokwanira m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Akatero, ambiri amatumizidwa ku zipatala za m'maboma. Mwana wathuyu anapita ku boma lina la kumpoto kuno. Ndinamuyenderako nyengo ya mvula, ndipo usiku wina anadzutsidwa cha m'ma 2 koloko: ambulansi yabwera ndi mayi amene wavutika kubereka kuyambira dzulo lake. Ndinamuona akuvala nsapato za mphira pakhonde, foni ili pakamwa ikuwunikira chifukwa magetsi anali atathima, kwinaku akuuza mlonda kuti akadzutse wa jenereta ndi wogonetsa odwala. Kutacha anabwera malaya atanyowa ndi thukuta, nati mayi ndi mwana onse ali moyo, ndipo magazi anapereka ndi mchimwene wake wa mayiyo. Anamwa tiyi ataimirira, n'kubwerera kukayendera wodi ya ana.

Opareshoni imeneyo sanaiphunzire m'buku mokha. Anamugwira dzanja ndi kiliniko ofisa wina wachikulire, munthu amene watumbula amayi ochuluka zedi moti mpeni umamumvera. Dziko lino laima pa anthu amenewa, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ku Malamulo ndi kwina, ndipo dokotala wanzeru akafika pa boma amayamba wadzichepetsa pamaso pawo ndi pamaso pa azamba. Ndi iwo amene amamuonetsa mmene ungadziwire kuti mwana watha magazi pongomuyang'ana m'zikhatho ndi m'zikope, ndi mmene ungauzire mwamuna kuti mkazi wake akufunika opareshoni mwamsanga popanda kumuopseza. Pa fomu ya ERAS zonsezi zimakwana m'kabokosi kamodzi, pamene chaka cha digiri chimatha kutseka chitseko kabokosiko kasanawerengedwe.

Alimi a mpunga kuno amadziwa kuti mbande zikakhalitsa pa nazale zimakalamba, ndipo ukaziwokera mochedwa sizibereka bwino. Aku America amamuona dokotala wathu ngati mbande yotero. Akulakwitsa poyesa kuti zaka zonsezi anali pa nazale, pamene iye anawokeredwa kalekale ndipo wakhala akubereka.

Ndikafuna kudziwa mtundu wa dokotala amene tikumusowa, ndimapita pa chipatala chathu chaching'ono cha Iponga m'mawa wa Lolemba. Amayi amakhala atandanda pa benchi, timabuku ta kuchipatala tili m'mapepala apulasitiki kuopa mvula, ana ali kumsana kudikira sikelo. Wina alankhula Chinkhonde, wina Chitumbuka, wina Chiswahili, pakuti malire a Songwe ali pafupi ndipo matenda sadziwa za pasipoti. Wothandizira dokotala amene ali pamenepo, amene tonse timangomutcha adokotala, amayenera kusankha msanga: uyu apatsidwe LA apite kwawo, uyu atumizidwe ku Kaporo, uyu asachedwe, athamangire naye ku Karonga. Mu Malichi, mwezi umene ku America amatsegula maenvulopu a zotsatira, kuno mitsinje ya Songwe ndi Lufilya imakhala itasefukira, madzi ali m'minda ndi m'makomo, malungo ali pachimake. Katswiri amene adzalandire odwala athu ku Mzuzu ndikufuna akhale woti anaiona benchi imeneyi, wodziwa kuti wodwala akafika mochedwa si umbuli ayi, koma kuti njira inaduka ndi madzi. Kudziwa kotere kumafuna zaka, zomwe zija zopitirira zisanu.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti Karonga yemweyu waphunzitsa dziko lapansi. Ku Chilumba, kafukufuku wa khate amene anayamba mu 1979 anakula n'kukhala Karonga Prevention Study, imene lero ili m'bungwe la MEIRU, ndipo zimene anapeza zokhudza katemera wa BCG, khate ndi chifuwa chachikulu zimawerengedwa m'masukulu a udokotala kutali. Ophunzira a ku Ulaya ndi ku America amabwera m'zipatala zathu kudzakhala masabata ochepa, ndipo akabwerera masabatawo amawalemba pa mapepala awo ngati chinthu chonyaditsa. Mlendo akayenda m'wodi mwathu mwezi umodzi, kwawo amamutama kuti waona zambiri. Mwini wodiyo, amene ankamutanthauzira ndi kumuonetsa pogwira, ndiye amene akuuzidwa kuti wachita dzimbiri.

Kukanidwa chifukwa cha mapepala sikunayambe lero. Daniel Sharpe Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville, mu 1917, koma atsamunda anayamba amukaniza kulowa m'dziko lakwawo. Anakatumikira ku Liberia, ndipo anafika mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937, atapitirira kale zaka 30, n'kupeza kuti digiri ya ku America siyokwanira kugwirira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain. Anakayambanso ku Edinburgh, kumene anamaliza mu 1941. Nthawi imeneyo pepala losakwanira linali la ku America. Zikuonetsa kuti malamulowa amatsata mwini chipata ndi zofuna zake, ndipo sayeza luso la m'manja mwa munthu.

N'chifukwa chake ndimanyadira zimene tamanga tokha. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Lero dokotala angathe kuphunzira ukatswiri wa ana, wa amayi, wa opareshoni kapena wa matenda a akuluakulu konkuno, pa odwala amene adzawatumikire moyo wake wonse. Maphunziro a udokotala wa mabanja amachitikira m'zipatala ngati za Mangochi ndi Nkhoma, kumene kuli anthu. Bungwe la COSECSA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limaphunzitsa madokotala a opareshoni m'mayiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa popanda kuwazula kwawo. M'njira zimenezi munthu wofika ndi zaka za ku boma amalandiridwa ngati wodziwa ntchito.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndimachisirira kwa anzathuwo, ndicho tsiku lodziwika. Wophunzira wa ku Ohio amadziwa chaka chisanayambe kuti Lachisanu lakutilakuti adzamva kumene akupita. Wathu amadikira kalata yomuitana ku ntchito osadziwa kuti idzabwera mwezi uti, kenako n'kudikiranso womulipirira maphunziro. Mu 2015 madokotala 51 amene anali atangomaliza sukulu anakhala pakhomo chifukwa boma linati lilibe ndalama zowalembera ntchito, uku m'zipatala muli mizere. Kudikira kopanda tsiku kumeneku ndi kumene kumatumiza ana athu kukagogoda pa zitseko za eni, kumene amakawerengeredwa zaka.

Unduna wa Zaumoyo ndi KUHeS angathe kukonza zimenezi popanda kumanga nyumba ina iliyonse. Alengeze mwezi umodzi pa chaka wofunsira malo a ukatswiri, anene kuti malo olipiridwa ndi angati pa nthambi iliyonse, aikenso tsiku lotulutsa mayina limene silisuntha. Posankhapo, chaka chilichonse chimene dokotala watumikira ku Chitipa, ku Nsanje, ku Likoma kapena kuno ku Karonga chizimuwonjezera mapointi, ndipo wochokera kutali kwambiri ndi mzinda aziyamba ndiye kuitanidwa.