Kodi Luso Lathu Timaliyeza Molondola?

Mumpingo uliwonse muli anthu amitundu iwiri amene timawadziwa bwino. Ena amakana ntchito iliyonse yofuna luso, kaya kupeka nyimbo ya kwaya, kukonza sewero la achinyamata kapena kusoka m'gulu la Dorika, ponena kuti, “Ine ndilibe mphatso.” Ena amakhulupirira kuti nyimbo yawo yoyamba ndi yoti ijambulidwe mawa lomwe, ngakhale ndi ndalama za ngongole. Onsewa akudziyeza, koma sikelo yake ndi yonama. Woyamba amakwirira mphatso, wachiwiri amatha kumwaza ndalama ya feteleza.

Akatswiri anafufuzapo za nkhaniyi. Mu 1999, David Dunning ndi Justin Kruger a pa yunivesite ya Cornell ku America anayesa ophunzira pa galamala, kuganiza mwadongosolo ndi kuzindikira nthabwala yoseketsa. Tiyerekeze anthu 100 ataima pamzere kuyambira wolephera kwambiri: amene anali cha pa nambala 12 ankadziika cha pa 62. Okhoza kwambiri ndiwo ankadzitsitsa pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti nzeru yofunika pochita chinthu ndi yomwenso imafunika poona ngati chachitika bwino. Amene samva kuti mawu aphonya sangadziwe kuti iye mwini akuphonya.

Mu 2016, Justin Berg wa ku Stanford anafufuza anthu opeka masewera a circus. Anapeza kuti iwo ankaneneratu bwino, kuposa mabwana awo, masewera a anzawo amene oonerera adzawakonde. Koma pa masewera awoawo ankadzikweza. Choncho woweruza wabwino wa ntchito yathu ndi mnzathu wodziwa ntchitoyo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Palinso kulakwitsa kwina. Mu 2020, Brian Lucas ndi Loran Nordgren anaonetsa kuti anthu amaganiza kuti maganizo abwino amabwera poyamba, kenako n'kumachepa. Zoona zake n'zakuti obwera pambuyo amafanana ndi oyamba kapena kuwaposa. Ambiri a ife timasiya msanga, n'kumati talephera.

Komanso mawu a khamu si muyeso. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, zida za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Anali ndi zaka 14, ndipo anthu ankamuyesa wamisala. Chimene chinathetsa mkangano ndi babu imene inayaka.

Malemba nawonso amatichenjeza. Pa Eksodo 4, Mose anadziona wosatha kulankhula, koma ndiye anatumidwa kwa Farao. Pa Mateyu 25, wantchito amene anadzudzulidwa ndi uja anakwirira talente chifukwa cha mantha.

Nanga tichite chiyani pakhomo? Choyamba, tiyese pang'ono tisanaike ndalama zambiri: tisoke malaya atatu, tiphike mabanzi ochepa, tione ngati anthu osatidziwa agula n'kubweranso. Chachiwiri, tifunse munthu waluso funso lolunjika: “Ndikonze pati?” Tikangofunsa kuti, “Kodi zili bwino?” abale amavomera pofuna kutisangalatsa. Chachitatu, tisaime pa ganizo loyamba. Tilembe khumi, kenako tisankhe.

Makolo, mwana akabwera ndi galimoto ya waya kapena chithunzi, tisamuseke, komanso tisamunamize kuti ndi katswiri. Timuuze chenicheni chimene chatisangalatsa, monga mmene mateyala akuzungulira, ndi chimodzi choti akonze. Mwana woleredwa chonchi amaphunzira kumva uphungu popanda kusweka mtima, ndipo mphatso imene Mulungu anamupatsa imapeza mpata wokula.