Ana ali ku kanema, nanga makolo ali kuti?

Dzuwa likamapendeka pa Makawa, pa Senga Bay kapena pa Nkhotakota, kulira kwa mfuti ndi magalimoto kumayamba kumveka pa chimkuzamawu chopachikidwa pakhomo la kanyumba ka malata. Pambali pa khomolo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo. Mkati muli mdima, mabenchi ndi kanema mmodzi. Pa mabenchipo pathithikana anyamata, ena a msinkhu wa sitandade 3, amene ndalama yolowera aipeza pothandiza kukoka khoka kapena kunyamula nsomba kugombe. Akuluakulu aliponso, koma pakati pawo palibe bambo kapena mayi wa mwana aliyense amene ali m'menemo.

Kwa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, kupita ku kanema ndi ulendo wa mwana yekha, kawirikawiri wozemba. Makolo ena amaletsa ndi ukali, ena anangozitaya. M'njira zonse ziwirizi mapeto ake ndi amodzi: mwana amaonera yekha, ndipo zimene waona amazimasulira yekha kapena ndi anzake. Ilipo njira yachitatu imene sitiiganizira kawirikawiri, yakuti banja lisankhe filimu, likonze tsiku, lipite pamodzi.

Njirayi si yachilendo m'dziko muno. Malawi anakhala wopanda nyumba yake youlutsira kanema mpaka m'chaka cha 1999. Zisanafike apo, okhala m'mizinda ankapita kunyumba zoonetsera mafilimu monga Apollo ku Blantyre, pamene akumudzi ankadikira galimoto ya boma yobwera ndi chinsalu choyera n'kudzachimanga pabwalo la sukulu. Usiku wotero mudzi wonse unkakhamukira kumeneko, agogo atagwira zidzukulu padzanja. Kunalinso bungwe la boma loyang'anira zisangalalo, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1968, limene linkadula kapena kuletsa mafilimu amene linkawaona osayenera. Masiku ano filimu imayenda m'thumba, pa fulashi kapena pa foni, osadzera pa ofesi iliyonse. Ntchito yosefa ija yabwerera pakhomo, m'manja mwa makolo.

Ena anganene kuti kusefa kwabwino ndi kutsekeratu. Ndi zoona kuti mashehe amasiyana maganizo pa nkhani ya mafilimu, ndipo banja lili lonse liyenera kufunsa kwa ophunzira amene limawadalira. Komabe zimene zinachitika ku Saudi Arabia n'zoti tiziganizire. Dzikolo linakhala zaka pafupifupi 35 lopanda nyumba zoonetsera mafilimu, kufikira mu April 2018 pamene yoyamba inatsegulidwa mumzinda wa Riyadh. Pa zaka zonsezo anthu sanaleke kuonera. Ankaonera m'nyumba zawo kudzera pa madishi, ndipo amene anali ndi ndalama ankawoloka kupita ku Bahrain kapena ku Dubai kukakhala m'nyumba za kanema kumeneko. Kutseka khomo kunangosintha malo oonerera. Zomwezo ndi zimene zimachitika pakhomo pathu tikangoletsa osapereka china m'malo mwake.

Tsono banja lofuna kupita pamodzi liyambire pati? Liyambire posiyanitsa maulendo awiri. Ulipo ulendo wa banja lonse, uliponso ulendo wa akuluakulu okha, ndipo filimu yabwino pa ulendo wina ikhoza kukhala yolakwika pa winawo.

Pa ulendo wa banja lonse, chitsanzo chapafupi ndi The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka m'chaka cha 2019. Ndi nkhani yoona ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma anapitiriza kuwerenga mabuku a m'laibulale mpaka anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Anaijambula ku Malawi konkuno Chiwetel Ejiofor, ndipo mbali yaikulu ya zolankhula zake ili m'Chichewa. Muli njala, muli maliro, muli mkangano wa bambo ndi mwana, choncho mwana wamng'ono angafune dzanja loti aligwire. Ndicho chifukwa chake kholo liyenera kukhala pambali pake.

Inanso ndi The Message ya m'chaka cha 1976, imene anaikonza Moustapha Akkad, mbadwa ya ku Syria, pojambula ku Morocco ndi ku Libya m'zilankhulo ziwiri, Chiarabu ndi Chingerezi. Imafotokoza chiyambi cha Chisilamu popanda kuonetsa nkhope kapena kumveketsa mawu a Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye. Mwana amene wamva ku madrasa za Hijra, za nkhondo ya Badr ndi Uhud, za kuzunzidwa kwa Bilal ndi kulimba mtima kwa Hamza, amabwerako ndi mafunso ochuluka. Filimuyi ndi yaitali, pafupifupi maola atatu, ndipo ili ndi zithunzi za nkhondo, kotero n'kwanzeru kuganizira msinkhu wa ana musananyamuke.

Ulendo wa akuluakulu ndi nkhani ina. Taganizani za The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya m'chaka cha 2012, imene inajambulidwa m'mphepete mwa nyanja yathu yomweyi. Imakamba za msodzi wotchedwa Yusufu amene kale anali wopeza bwino, koma tsopano nsomba zatha m'nyanja, mwana wake Mustafa wasiya ngalawa n'kumatsata alendo odzaona malo, ndipo mlendo wina waponya maso pa mkazi wake wamng'ono, Abiti Anefa. Palibe wa kunyanja amene angaonere filimuyi osazindikiramo wina wa pamudzi pake. Koma imakhudza za m'banja, za mitala ndi za chiwerewere, zimene si zokambirana pamaso pa ana. Iyi ndi yoti bambo ndi mayi aonere awiri, kapena ndi mabanja anzawo, kenako afunsane ngati zimene zagwera Yusufu sizikugogoda pakhomo pawo. Mabanja ambiri amakhala zaka osayendapo awiri kupatula ku maliro ndi ku chipatala. Madzulo amodzi otero si kuwononga ndalama.

Nanga filimu imene simunaionerepo mungaidziwe bwanji? Mafilimu ambiri amabwera ndi chizindikiro cha msinkhu, ndipo n'chosavuta kuwerenga. Abale athu amene ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town amachiona pa chikwangwani chilichonse ku Ster-Kinekor kapena ku Nu Metro. Kumeneko chilembo A chimatanthauza kuti filimuyo ndi ya aliyense, PG ndi yofuna kuti kholo likhalepo, pamene 13, 16 ndi 18 ndi zaka zimene munthu ayenera kukwanitsa kuti alowe. Pambali pake pamakhala zilembo zofotokoza chifukwa: V ndi chiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche. Mafilimu a ku America amalembedwa G, PG, PG-13 kapena R, ndipo R si ya ana. Zizindikirozi zinakonzedwa ndi anthu a miyambo ina, choncho chimene iwo achiyesa choyenera mwana wa zaka 13 mwina inu simungachilole. Zitengeni ngati chenjezo loyamba, chigamulo chikhale chanu. Dziwaninso kuti mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene adzaza m'misika kawirikawiri amafika chizindikirocho chitachoka, ndipo nthabwala za womasulira nthawi zina zimakhala zolaula kuposa filimu yeniyeniyo. Njira yodalirika ndi yakuti munthu wamkulu ayambe waionera yekha.

Kenako pali nkhani ya nthawi. Filimu imatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, ndipo yoyamba madzulo ikhoza kumeza Magharibi yonse. Bambo amene wasankha yoyamba itapita Asr kuti itheretu dzuwa lisanalowe, kapena yoyamba itapita Isha, waphunzitsa mwana wake kanthu popanda kulalikira: chisangalalo chimapatsa njira swala. Mwana wopita yekha phunziro limeneli salipeza.

Ambiri a kunyanja nyumba yeniyeni ya kanema ili nawo kutali, ndipo mtengo wa basi ndi wa pakhomo si aliyense angaukwanitse. Izi siziletsa ulendo. Mabanja angapo akhoza kusonkherana, kubwereka pulojekita ndi jenereta, kupempha chipinda cha sukulu kapena holo ya m'dera, n'kuonera filimu yosankhidwa bwino pa tchuthi kapena masiku a Eid, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ana patsogolo. Angathenso kukambirana ndi mwini kanyumba ka malata kaja kuti tsiku limodzi pa sabata likhale la mabanja, filimu asankhe ndi makolo. Iye amafuna makasitomala, ndipo sangakane benchi zodzaza masana.

Gawo lofunika koposa limabwera filimu ikatha, panjira yobwerera kunyumba. Funsani mwana amene wamusangalatsa ndi chifukwa chake. Funsani ngati bambo a William analakwa pokaniza njinga poyamba paja, ndiponso chimene iye akanachita. Musafulumire kumudzudzula akayankha mosiyana ndi inu. Pa mtunda waufupi umenewo mudzamva zimene zili mumtima mwake kuposa zimene mungamve mwezi wathunthu mukumufunsa za kusukulu. M'mera mpoyamba, ndipo mwana wozolowera kukambirana ndi makolo zimene waona ali ndi zaka 9 sadzavutika kuwauza zimene wakumana nazo pa foni ali ndi zaka 15.

Kale agogo akamayamba nthano madzulo, ana ankavomera kuti tili tonse, ndipo wofotokozayo ankadziwa amene akumvetsera, amene wachita mantha ndi amene wagona. Nthano za lero zikubwera pa kanema ndipo ana athu akuzimvetsera ndithu. Loweruka likubwerali, mwana akadzapempha ndalama ya kanema, mufunseni dzina la filimuyo, muifufuze, ndipo ikakhala yoyenera mutenge nsapato zanu mupite naye.