Kuika ndi kusintha ma gutter m'madera amvula yambiri

Mvula ikagwa milimita imodzi, sikweya mita iliyonse ya denga imalandira lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi ili ndi denga la masikweya mita osachepera 80. Kukagwa mvula ya mamilimita 50, yomwe si yachilendo mu Januwale, dengalo limakhuthula malita 4,000, kapena kuti migolo 20 ya malita 200, m'maola ochepa chabe. Madzi onsewo amatsikira kumapeto kwa malata, ndipo ngati palibe chowalandira amagwera m'tsinde mwa khoma, pamwamba penipeni pa maziko. Ma gutter, omwe ndi ngalande zopachikidwa m'mphepete mwa denga, ntchito yake n'kulandira madziwo ndi kuwapititsa kumene mwini nyumba wasankha.

Kufunika kwake kumasiyana malinga ndi dera. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mvula ya pachaka kawirikawiri siifika mamilimita 1,000, ndipo khoma likanyowa dzuwa limaliumitsa msanga. Kumwera kwa phiri la Mulanje mvula imaposa mamilimita 2,000 pachaka, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino kumeneko ndi ku Thyolo. Ku Nkhata Bay mvula imapitirira mpaka mu Epulo ndi Meyi pamene madera ena akukolola. Kuwonjezera apo, pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepo ya chiperoni imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba, moti khoma lomwe linamwa madzi m'dzinja silipeza mpata wokwanira wouma.

Zotsatira zake zimaoneka m'munsi mwa khoma. Madontho ochokera padenga amakumba kamzere pansi, n'kuthovukira pakhoma pamodzi ndi matope. Pakapita zaka, penti imatukusira, pulasitala amayamba kuyoyoka, ndipo pamamera ndere zobiriwira. Nyumba zambiri m'dziko muno zimamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi dothi, zina ndi zidina. Izi zikamanyowa chaka ndi chaka zimafewa kuyambira pansi. Chinyezi chimakwera m'njerwa mpaka m'kati mwa chipinda, makamaka ngati pomanga sanayale pulasitiki yakuda yotchinga madzi pamwamba pa maziko. Dothi lozungulira maziko likamafewa ndi kuuma mosinthana, khoma limatitimira mbali imodzi n'kuchita ming'alu. Chiswe nachonso chimakonda nthaka yachinyezi. Amene ankamanga nyumba zaudzu ankalidziwa vutoli, ndipo ankalithetsa ndi denga lotuluka kwambiri komanso khonde lokwera lozungulira nyumba yonse. Malata atakwera mtengo, denga linayamba kufupikitsidwa, ndipo ma gutter amasiyidwa kuti adzaikidwe ndalama zikadzapezeka. Pa nyumba zambiri tsikulo silifika.

Ntchito imayambira pa thabwa la m'mphepete mwa denga, lomwe amisiri amalitcha fascia board. Ambiri amaliona ngati chokongoletsa, koma lili ndi ntchito zitatu: limaphimba nsonga za mapaso kuti zisanyowe, limatseka mpata wolowera mbalame ndi mileme, ndipo ndi pamene gutter imagwira. Gutter yodzaza madzi ndi yolemera, pakuti lita iliyonse ndi kilogalamu imodzi, ndiye thabwa lofumbwa silingaisenze. Matabwa opezeka kwambiri pamsika ndi a paini, ochokera ku nkhalango monga Chikangawa, Zomba ndi Dedza. Paini ndi wofewa, savuta kucheka, koma akapanda kutetezedwa amaola msanga pamvula. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe kale unkadalirika chifukwa suola wamba ndipo chiswe sichiufuna, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo si mtengo woti munthu aziufunafuna pomanga.

Thabwa la paini liyenera kukhala louma lisanakhomedwe, chifukwa laliwisi limapindika likamauma n'kukoka gutter. Lipakidwe mankhwala oteteza ku chiswe, kenako penti yoyamba mbali zonse, kuphatikizapo kumbuyo ndi m'malo mochekedwa. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalakwika. Wopenta amabwera nyumba itatha, n'kupaka mbali yooneka yokha, pamene madzi amalowera kunsonga kwa thabwa ndi polumikizira. Kalipentala wosamala amadula nsonga zolumikizana mopendeka kuti thabwa lina ligone pa linzake, ndipo amaonetsetsa kuti polumikizapo pagwere pa phaso. Misomali ikhale yokutidwa ndi zinki kuti isachite dzimbiri n'kudetsa penti. M'madera amvula yambiri ena amasankha ma fascia board a simenti yosakaniza ndi ulusi kapena a PVC, omwe saola. A simentiwo sachedwa kusweka akakhomedwa ndi hamala, choncho amafunika kuboola kaye, ndipo zogwirira gutter zimangidwe pa mtengo wa kumbuyo kwake. Matabwa a kumbali zopendeka za denga amafuna chisamaliro chomwecho, chifukwa mphepo yamkuntho imayambira kuzula malata m'mphepete.

Ma gutter enieniwo alipo a mitundu ingapo. Otsika mtengo ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki, omwe amisiri osula zidebe m'misika monga wa Ndirande amatha kupinda kuchokera ku lata losalala, pa muyeso uliwonse womwe wogula wapempha. Chofunika kuyang'ana ndi geji: nambala ikamakula ndiye kuti lata likupyapyala, moti geji 32 ndi yopyapyala kuposa geji 28. Denga la lata lopyapyala limatha kupirira zaka chifukwa madzi sakhalapo, koma gutter imasunga chinyezi ndi matope, ndiye lata lopyapyala limabooka msanga. Pali achitsulo chopakidwa penti kufakitale, monga Chromadek ya ku South Africa, omwe amakhalitsa ngati pentiyo sinakalike poika. A PVC sachita dzimbiri ndipo ndi opepuka, koma amafutukuka kukatentha ndi kubwerera kukazizira: gutter ya mamita 4 imatha kusintha ndi mamilimita pafupifupi 8 kutentha kukasiyana ndi madigiri 30. N'chifukwa chake zolumikizira zake zili ndi mzere wosonyeza pamene nsonga iyenera kulekezera. Woikankhira mpaka kumapeto, kapena woimata ndi guluu paliponse, amadzaipeza itakhota. PVC yotchipa yosatetezedwa ku dzuwa imauma n'kusweka matalala akagwa.

Chinthu china chomwe sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti zitsulo zina sizigwirizana. Madzi odutsa pa kopa akagwera pa zinki amaidya. Madzi ochokera pa denga lopakidwa penti kufakitale, kapena la matailosi osalala, amafupikitsanso moyo wa gutter ya zinki yosapenta. Njira yosavuta n'kugula gutter ya mtundu umodzi ndi denga.

Kukula kwa gutter kumayenderana ndi mphamvu ya mvula pa mphindi zochepa, osati mvula ya chaka chonse. Mvula yamabingu ikamagwa pa liwiro la mamilimita 100 pa ola, mbali imodzi ya denga la nyumba ija, masikweya mita 40, imatsitsa malita pafupifupi 67 pa mphindi. Gutter yopapatiza ya mamilimita 100 yokhala ndi paipi imodzi yaing'ono yotsitsa madzi ikhoza kulephera. Ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay n'kwanzeru kusankha ya mamilimita 125 kapena 150, ndi mapaipi otsitsa madzi a mamilimita osachepera 75, makamaka 100 kapena 110. Malamulo a zomangamanga a ku Australia, komwe nyumba zamalata ndi zambiri, amanena kuti paipi imodzi isatumikire gutter yotalika kuposa mamita 12. Muyeso umenewu ndi wothandiza kuno.

Kupendeka ndiko kumasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongowononga ndalama. Gutter iyenera kutsika pang'onopang'ono kulowera ku paipi. Muyeso wa ku Australia womwewo umalola milimita imodzi pa mamilimita 500 alionse ngati kupendeka kochepetsetsa, koma pamene pali masamba ndi fumbi lambiri ndi bwino kupendeketsa ndi theka la sentimita pa mita iliyonse. Pa mamita 10, ndiye kuti mbali ya paipi yatsika ndi masentimita 5. Mmisiri amayamba wakhoma bulaketi yogwirira gutter ya kumtunda, n'kuyeza ya kumunsi ndi levulo kapena kapaipi kooneka mkati kodzaza madzi, kenako n'kumanga chingwe chokungika pakati pa ziwirizo. Mabulaketi ena onse amatsata chingwecho, osati m'mphepete mwa thabwa, chifukwa thabwa limatha kukhala lokhota ngakhale diso likuliona lowongoka. Atalikirane osapitirira mita imodzi, ndipo kwa PVC ndi bwino kuwayandikizanso, ndi kuika ina pafupi ndi polumikiza paliponse ndi pangodya. Amangidwe ndi ma screw. Msomali umazuka pang'onopang'ono gutter ikamalemera ndi kupepuka.

Malata alowe mu gutter ndi masentimita pafupifupi 5. Akalowa pang'ono kwambiri, mphepo imakankhira madzi kumbuyo n'kunyowetsa thabwa. Akalowa kwambiri, mvula yamphamvu imadumpha gutter yonse, ndipo dzanja silipeza polowera poyeretsa. Mlomo wa kutsogolo ukhale wotsikirapo kuposa wa kumbuyo, kuti tsiku lomwe gutter yadzaza madzi asefukire kunja osati ku siling'i. Polumikiza zidutswa zachitsulo, chidutswa cha kumtunda chigone mkati mwa cha kumunsi motsata kumene madzi akulowera, n'kumanga ndi ma rivet ndi kumata ndi silicone yosadya chitsulo, osati yonunkha ngati viniga ija. Tizidutswa tachitsulo totsala poboola tisesedwe tsiku lomwelo, chifukwa m'mene timachitira dzimbiri timayambitsa mabowo. Ntchito ikatha, mmisiri akwere ndi ndowa ya madzi n'kuthira kumtunda mwini nyumba akuona. Madzi onse ayenera kufika ku paipi. Pamene atsalira ndi pamene bulaketi yatsika, ndipo pakonzedwe ndalama yomaliza isanaperekedwe.

Paipi yothera m'tsinde mwa khoma ndi yoipa kuposa kusakhala ndi gutter, chifukwa madzi omwe akanamwazika kuzungulira nyumba tsopano akugwera malo amodzi. Kumunsi kwa paipi kukhale chigongono chotayira madzi mu ngalande ya simenti, mu thanki, kapena m'dzenje lodzaza miyala lomwe lili mamita angapo kuchokera ku maziko ndiponso kutali ndi chimbudzi chokumba. M'malo otsetsereka a mu Blantyre monga Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, nyumba zili mothithikana ndipo madzi a nyumba ya kumtunda amathera pakhoma la ya kumunsi. Gutter singaletse chigumukire ngati chomwe namondwe Freddy anabweretsa m'mbali mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, koma makoma ambiri omwe amagwa nthawi ya mvumbi amakhala atayamba kale kufooka ndi madzi a tsiku ndi tsiku.

Nyumba zamakono za denga lobisika kuseri kwa khoma zimafuna chenjezo lapadera. Gutter yake imakhala mkati mwa nyumba, ndiye ikatsekeka madzi alibe kothawira koma m'zipinda. Iyenera kukhala yotakata, yopendeka bwino, yogona pa matabwa, ndipo pakhoma pakhale bowo lachiwiri lotayira madzi paipi ikatsekeka. Kumadera amvula yambiri kamangidwe aka n'kosafunika kukatengera chifukwa chongooneka bwino.

Gutter yakale imaonetsa yokha kuti yatopa: mizere ya dzimbiri kunsi kwake, kudontha polumikiza, kugwa mimba pakati, ndi banga lakuda lotsika pakhoma. Bowo limodzi likhoza kumatidwa ndi chigamba, koma dzimbiri likafalikira pansi ponse, kumata n'kutaya nthawi. Ikatsitsidwa, thabwa la kumbuyo libayidwe ndi nsonga ya screwdriver. Ikalowa mosavuta ndiye kuti laola, ndipo nsonga za mapaso ziyesedwenso. Phaso lowola kunsonga limadulidwa n'kulumikizidwa ndi mtengo watsopano m'mbali mwake. Nyumba zina zakale, makamaka za boma ndi za m'maesiteti, zili ndi madenga ndi ma gutter a asbestos. Fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo, kuphatikizapo khansa, choncho sayenera kuchekedwa ndi grinder kapena kuphwanyidwa. Anyowetsedwe n'kutsitsidwa athunthu. Makwerero asatsamire pa gutter, wina awagwire pansi, ndipo wonyamula chitsulo chachitali ayambe waona pamene waya wa magetsi walowera m'nyumba.

Gutter yoikidwa bwino imapatsanso banja madzi. Denga la masikweya mita 80 kudera lolandira mamilimita 1,500 limagweredwa ndi malita 120,000 pachaka, ndipo ngakhale ena amatayika, otsalawo ndi ambiri kuposa thanki iliyonse ya pakhomo. Madzi oyamba a mvula iliyonse yobwera patapita masiku amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, choncho atayidwe asanalowe mu thanki. Thankiyo ikhale yotseka, polowera madzi pakhale sefa yoletsa udzudzu, ndipo madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe klorini.

Nthawi yoyeretsa ma gutter ndi mu Okutobala, chizimalupsa chisanagwe, pamene fumbi la chilimwe ndi masamba a mango, jakaranda ndi bulugamu zaunjikana. Zinyalalazi zikanyowa zimasanduka matope omwe amasunga chinyezi, amadya chitsulo, ndipo amaimitsa madzi momwe udzudzu ungaswanirane pa sabata imodzi kapena ziwiri. Zichotsedwe ndi dzanja lovala gulovu, osati kukankhira mu paipi, ndipo pakamwa pa paipi paikidwe kawaya kosefa. Nyumba yozunguliridwa ndi mitengo iyeretsedwenso pakati pa dzinja, ndipo nthambi zolendewera padenga zisadzidwe. Mvula ikatha mu Epulo kapena Meyi ndi nthawi yoyang'ana mabulaketi omwe agwedera, ndipo penti ya pamatabwa idikire miyezi youma ya Seputembala ndi Okutobala, thabwa litauma mpaka mkati.