Fisi wovala lamba amasowabe akalowa m'phiri

Ngati mumakhala ku Chirimba, phiri la Michiru mumaliona tsiku lililonse mukangotuluka pakhomo. Mwina munamvapo fisi akulira chakuphiriko usiku, kapena munapezapo mapazi ake m'mawa pafupi ndi khola la mbuzi. Pamenepo funso limabwera: kodi akatswiri sangaveke nyamazi kachipangizo koti azidziwa pomwe zili, n'kutichenjeza zisanafike pakhomo?

Tizipangizoto tilipo, ndipo m'dziko muno timagwira ntchito. Mikango imene bungwe la African Parks linabweretsa ku Majete, m'boma la Chikwawa, m'chaka cha 2012 inavekedwa malamba a m'khosi oilondolera. Ku Lilongwe, bungwe la Carnivore Research Malawi linavekanso malamba afisi ena okhala mumzinda. Koma ntchitoyi imavuta kwambiri pamalo a mapiri ngati Michiru, lomwe nsonga yake ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,470 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere.

Poyamba dokotala wa nyama amalasa chilombocho ndi jakisoni wogonetsa, kenako amachiveka lamba wokhala ndi batire komanso kawailesi kakang'ono. Kawailesiko kamatumiza chizindikiro chimene khutu silingamve palokha. Wofufuza amayenda ndi mlongoti wa m'manja, wofanana ndi eriyo ya TV, wolumikizidwa ku makina olandirira. Akalozetsa mlongotiwo komwe kuli nyama, makinawo amalira mokweza kuti "ti, ti, ti". Akaulozetsa kwina, kulirako kumachepa.

Vuto loyamba mukulidziwa kale. Mukapita kuseri kwa phiri kapena mukatsikira m'chigwa, netiweki ya foni imathawa. N'chifukwa chake nsanja za mafoni ndi mawailesi amazimanga pamalo okwera. Chizindikiro cha lamba chimayendanso mowongoka, ndipo thanthwe limachitchinga. Fisi akalowa kuphanga, komwe amakonda kugona masana, wofufuza akhoza kudutsa pafupi osamva kanthu.

Vuto lachiwiri ndi losokoneza kwambiri. Mukafuula pakati pa mapiri, mawu anu amabwerera ngati akuchokera kwina. Chizindikiro nachonso chimagunda thanthwe n'kubwerera. Mlongoti umaloza kum'mawa pamene nyama ili kumadzulo. Pofuna kupewa kunamizidwa, wofufuza amakwera pamalo okwera awiri kapena atatu, n'kujambula mzere pamapu kuchokera pamalo aliwonse. Pomwe mizereyo yakumana ndi pomwe nyama ikuyembekezeka kukhala. Koma pamene iye akuvutika ndi chitunda kupita pamalo achiwiri, nyamayo imakhala itasuntha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malamba atsopano amagwiritsa ntchito GPS, monga mafoni ambiri a masiku ano. Kuti lamba adziwe bwino malo, amafunika kulumikizana ndi masetilaiti osachepera anayi. M'chigwa chozama, pansi pa mitengo yowirira kapena m'phanga, thambo limaoneka pang'ono, choncho lamba amalemba malo olakwika kapena salemba n'komwe. Malamba ambiri salembanso nthawi zonse. Pofuna kusunga batire, amawakonza kuti azilemba pakapita ola kapena maola angapo. Malambawa ndi okwera mtengo, motero amavekedwa nyama zochepa chabe pagulu.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo. Lamba amathandiza akatswiri kudziwa njira ndi zizolowezi za nyama pakapita miyezi, koma si mlonda wa pakhomo panu.

Musatume ana okha kukatola nkhuni kapena kukatunga madzi m'mphepete mwa phiri m'bandakucha kapena chisisira, chifukwa afisi amayenda kukada. Kwirirani mafupa, matumbo ndi ziweto zakufa, popeza fungo lake ndi limene limaitana afisi ndi agalu osokera. Mukaona nyama yakutchire ikuyenda masana pakati pa anthu mosaopa, kapena ikuchucha dovu, musaiyandikire. Uzani a mfumu, apolisi kapena a nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo tchulani malo ndi nthawi imene mwaiona.

Fisi, nkhandwe ndi galu onse angathe kupatsira munthu chiwewe, ngakhale kuti anthu ambiri amachitenga kwa agalu. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuone ndi kuyamba katemera. Musadikire kuti adwale, pakuti chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Agalu anu azibayitsidwa katemera chaka chilichonse.

Ndipo mukadzapeza lamba atagwa kutchire, kapena nyama yakufa itavala lamba, musamuphwanye pofuna batire. Kamperekeni kwa oyang'anira nyama, chifukwa m'kati mwake mumakhala mbiri ya komwe nyamayo inkayenda.